Bulu wa Aroma ndi Tsitsi la kwa Ngozo

Hyattsville, Maryland
6 Okutobala 1996

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi achemwali a Gwendoline ndi ana onse ku Lizulu. Bondo lija likuvutabe? Ife kuno tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Ntchito ndi yomwe ija, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake ku Springfield, koma ndi kagalimoto kaja ndinakutumizirani chithunzi sindikuumanso pamalo odikirira basi.

Lero sindikulemba za ntchito. Ababa, khalani pansi bwino: mdzukulu wanu wapenga ndi Aroma, omwe aja a m'Baibulo. Tasha mukumudziwa mbiri yake. Zaka khumi ndi zisanu, ukamulankhula Chichewa amayankha m'Chingerezi, ukamufunsa za kusukulu amangokweza mapewa. Tsono aphunzitsi awo a Chilatini akonza mpikisano wa mu Malichi, woti ana apange makina amene Aroma ankagumulira malinga a mizinda ya adani, ndipo woponya kutali ndiye wapambana. Chiyambire tsiku limenelo m'nyumba muno mulibe mtendere. Matabwa ali pabalaza, utuchi wafika mpaka mu shuga.

Ndikufotokozereni monga wandifotokozera mwini wake, poti wandibwereza mpaka ndaloweza. Chinthuchi chilibe uta, chilibe mphira, chilibe wonga. Mphamvu yake yonse ili m'chingwe. Amakhoma chimango cha matabwa olimba chogona pansi, chonga cha bedi, ndipo m'matabwa awiri a m'mbali amaboola mabowo oyang'anizana. Chingwe chimalowa bowo ili n'kutulukira linalo, kubwerera, kupitanso, kambirimbiri, mpaka chikhale mtolo wonenepa. Pakati pa mtolowo amalowetsapo mtengo wautali umene amautcha mkono. Kenako amapota mtolowo mbali zonse ziwiri ndi zitsulo mpaka mkono uja uimirire wokha, wolimba gwa. Pofuna kuponya amaukokera pansi ndi chopukusa, chingwe chikulira, n'kuika mwala m'kathumba ka kunsonga. Akasolola msomali wougwira, mkono umadzuka mwaukali n'kukagunda mtanda wokutidwa ndi thumba la udzu. Mkono umaima pomwepo, mwala n'kupitirira wokha. Akuti asilikali ankachitcha bulu wam'tchire, chifukwa chikaponya chimadumpha kumbuyo ngati bulu woponya mateche.

Bulu wathu ndi wolumala. Chingwe cha nayiloni chimene tinagula chimangotamuka osabwerera. Loweruka tinakamuyesa kuseri kwa mafulati ndi mnzanga wa ku Zambia uja, Mwangala, ndipo mbatata imene tinaponya inagwera pamapazi pathu. Mwangala anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti, "Iwe Tasha, aba ba Roma bako benze kumenyana na nyelele?"

Tasha akuti Aroma ankapota mitsempha ya ng'ombe, ubweya wa kumchira kwa akavalo, ndiponso tsitsi la akazi, chifukwa zimenezi zikapotedwa zimafuna kubwerera mwakale. Akuti mzinda wina utazingidwa, zingwe n'kutha, akazi onse anameta tsitsi lawo n'kulipereka. Nkhani imeneyi yamugwira mtima. Dzulo tikudya anandifunsa, koyamba chibadwire, kuti kwathu kuli akazi angati ndipo mayina awo ndani. Ndinamuwerengera onse, kenako ndinalowa kubafa kukalira ndi chimwemwe.

Ndiye pempho lake ndi ili. Akufuna ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, wochuluka, wopotera chingwe. Akufunanso katsitsi pang'ono ka mkazi aliyense wa kwathu kuti akapoteremo, aliyense ndi dzina lake pakapepala kuti awadziwe. Chithunzi chimene wajambula, ndi miyeso yake, ndaikamo. Mayi Janet a kutchalitchi kwathu kuno akubwera ku Ntcheu pa Khirisimasi, ndipo avomera kudzatinyamulira pobwerera mu Febuluwale.

Mwana wanu,
Ellah

Springfield
20 Okutobala 1996

Achemwali,

Muli bwanji ndi ana? Ndikulemba mothamanga pa nthawi yopuma kuntchito, pa kalata ya ndege iyi yosalola kuikamo kanthu. Zonse ndafotokoza kale m'kalata ya ababa, ndiye sindibwereza.

Inu ndinu odziwa kuyendetsa zinthu, choncho yambani kutolera tsitsi lija. Lanu, la azakhali, la ana anu aakazi, la alamu, onse a magazi athu ndi a pakhomo. Pang'ono chabe, koma la aliyense likulungidwe palokha, dzina lilembedwe bwino. Michira ya ng'ombe ikhale yaitali, ndipo ikapezeka yakuda ndiye bwino koposa. Musauze anthu ambiri, angatiseke. Zimenezi zikangotheka, achemwali, mu Malichi tidzaposa onse kuno.

Mng'ono wanu,
Ellah

Lizulu
9 Novembala 1996

Make Tasha,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Tili moyo.

Kalata ya ababa imene ukunenayo kuno sinafike, ndipo ndikukayika ngati inalembedwa n'komwe. Yafika ndi yako ya buluu. Ndaiwerenga katatu. Kachitatu ndinawerengera azakhali, ndipo anangogwira pakamwa.

Tsitsi la abale. Dzina pakapepala. Mchira wa ng'ombe yakuda. Musauze anthu. Tidzaposa onse. Ellah, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zinthu zimenezi ndimadziwa khomo limene zimalowera. Iwe mwana wa mkulu wa mpingo, amene unkaimba kutsogolo pa kwaya, wafika pofuna kukhwima?

Amayi atamwalira chaka chatha sunabwere kumaliro, unati mapepala. Tinamva. Patangotha miyezi itatu tinalandira chithunzi utatsamira galimoto, mano onse pamtunda. Anthu ananong'ona. Ine ndinakumenyera nkhondo kuchigayo, mpaka pali amayi ena a Mvano amene sitipatsana moni chifukwa cha iwe. Lero ndikawauza chiyani? Amayi sanakukwanire, kuti tsopano ufune ndi ana anga omwe?

Ndakwiya, koma kuposa kukwiya ndili ndi mantha. Ndikapesa, tsitsi lotsalira m'chipeso ndikumaliotcha. Atsikana ndawauza kuti asalukitse kwa munthu wina aliyense. Nsalu unatumiza ija ndaipinda ili pansi pa sutikesi, sindiivala.

Ababa ndangowauza kuti wapempha zinthu zosayenera, sindinawatchulire zonse. Chimwalirire amayi munthuyu sanagwirepo sowo, amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu, ndiye sindikufuna kumumaliza.

Chiliza cha amayi tidzavundukula mu Ogasiti monga tinapangana. Iwe usabwere. Ndanena ine monga mkulu wako, ndipo azakhali avomereza.

Gwendoline

Hyattsville
1 Disembala 1996

Achemwali,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'galimoto, ndipo ndinakhala momwemo ola lathunthu osaliza injini. Poyamba ndinapsa mtima. Kenako ndinakumbukira mawu amene ndinalemba pa kalata ya buluu ija, limodzi limodzi. Ndikanailandira ine ndili ku Lizulu, nanenso ndikanagwira pakamwa.

Zaka khumi ndi chimodzi kuno zandiiwalitsa kuti kwathu tsitsi sapempha. Kuntchito ndimapesa nkhalamba zisanu ndi zitatu m'mawa uliwonse, tsitsi lawo n'kusesera m'bini, palibe amaliyang'ana kawiri. Limene ndinapemphalo ndi la ntchito ya kusukulu ya Tasha, lopotera chingwe cha makina oponya miyala a Aroma akale. Ndikudziwa kuti kulemba chonchi kukumveka ngati bodza lokonza mochedwa. Galimoto mukunenayo ndi yakale, chitseko chimodzi sichitseguka, ndipo inachokera m'mashifiti awiri patsiku osati m'manda a amayi.

Ndaimba kawiri pa lamya ya kumishoni, kawiri konse andiuza kuti mwakana kubwera. Tasha sindinamuuze kanthu. Tsiku lililonse akachoka kusukulu amayamba watsegula bokosi la makalata.

Maliro ndinawaphonya ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Musandilandenso chiliza, achemwali. Amayi anali anganso.

Ellah

Lizulu
14 Disembala 1996

Mwana wanga NaNgozo wamng'ono,

Moni kwa iwe ndi kwa mkazi wanga wamng'ono Tasha. Bondo lilipo, koma sabata ino ndaliiwala.

Kalata yako ya mu Okutobala yafika Lachiwiri lapitali. Yayenda miyezi iwiri, yafika ndi zidindo za mayiko amene sindikuwadziwa, ngodya imodzi itanyowa n'kuumanso. Nditatambasula chithunzi cha Tasha ndinaseka mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinadzuka, ndinakatsegula shedi imene sindinalowemo chaka ndi miyezi, n'kutsitsa sowo yanga ya chimango.

Ukuikumbukira sowo imeneyo? Mano ali mbali imodzi, chingwe mbali inayo, ndipo pakati pa chingwe pali kathabwa. Ukazungulitsa kathabwako chingwe chimapotana, chimango chimakokana, sowo n'kulimba. Kakakupulumuka m'manja kamabwerera ndi ukali wake wonse. Chikhadabo changa cha kumanzere ndi mboni kuyambira 1958. Bulu wa Tasha ndi kathabwa komweko, kungoti kakula n'kupatsidwa mwala. Umuuze kuti Aroma akewo anandibera nzeru, ndipo mlanduwu sunathe.

Tsono chimene chikulemaza bulu wake si nayiloni yekha. Pachithunzipa ndikuona kuti akukulunga chingwe cholobodoka, n'kumayembekeza kuti kupota ndiko kuchilimbitse. Ayi. Chingwe chopotedwa mopitirira chimangopanga mfundo, mphamvu n'kuthera momwemo. Ulusi uliwonse uyambe wakokedwa mpaka uwonde, aukhomere kamtengo pabowo kuti usabwerere, ndiyeno adutsitse wina. Mtolo ukadzaza bowo, kupota kwake n'kwapang'ono chabe. Ndipo mbali ziwirizo zipotedwe mofanana. Maso sangamuuze zimenezo, khutu ndiye lingamuuze. Akhwasule ulusi ndi chala kumanja, akhwasule kumanzere, monga woimba bangwe. Mawu akasiyana, mkono udzadzuka chopendekeka.

Pali chimodzi chimene walemba m'mphepete chimene chandigometsa: akuti Aroma ankayamba ndi kulemera kwa mwala, mwala n'kuwauza kukula kwa bowo, bowo n'kuwauza muyeso wa thabwa lililonse. Amenewo anali akalipentala enieni.

Za mkulu wako. Tsopano wandiuza zonse. Ndinamuonetsa chithunzi ndi tsiku la pachidindo, iye akuti chidindo sichiyeretsa munthu. Nawenso unalakwa, mwana wanga. Ukanandifunsa ndikanakuuza kuti tsitsi la munthu salipempha pa kalata. Koma Gwendoline sindilimbana naye ndi pakamwa, anatengera mayi ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimupangira bulu wakewake, aone ndi maso.

Ndayamba kale kuzungulira ophera ng'ombe pa msika kupempha michira. Mbiri yamveka kuti a Ngozo ataya ukulu wa mpingo, ayamba using'anga. Aleke anene.

Bambo wako,
Medson Ngozo

Lizulu
26 Januwale 1997

Kwa NaNgozo wamng'ono ndi mkazi wanga Tasha,

Moni nonse. Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'chiuno. Ndilembe msanga nkhani isanazizire: bulu waponya theche.

Ndinamukhoma ndi bulugama wouma, potsata miyeso ya Tasha osasintha ndi inchi yomwe. Poyamba ndinayesa khonje. Anaponya kamodzi, kachiwiri anagona. Ndinayesa zingwe za chikopa, ndipo zinachita bwino mpaka tsiku la mvula, pamene zinalobodoka ngati matumbo. Ndiye ndinabwerera kwa Aroma. Michira makumi atatu ndi umodzi ndinaimeta, ubweya ndinauchapa ndi sopo katatu, kuuyanika, n'kuudzoza mafuta a nsatsi kuti chinyezi chisaulowe. Wopota anasowa, poti amayi onse ankandilambalala. Ndinapota ndekha pantchafu masabata atatu, ndipo ntchafuyo tsopano ilibe ndi kaubweya komwe.

Dzulo Loweruka ndinamukweza pangolo kupita naye pabwalo la mpira. Sindinaitane munthu, koma amene anabwera kudzaona using'anga wa a Ngozo akanadzaza tchalitchi. Ndinakhwasula kumanja, ndinakhwasula kumanzere, mawu ndi amodzi. Ndinapukusa mkono mpaka pansi, gudumu la mano likugwira kuti usabwerere, chimango chonse chikung'ung'udza. M'kathumba ndinaikamo dzungu lanthete. Nditasolola msomali, bulu anadumpha, ine ndinagwa chagada, ndipo dzungu linakwera mpaka anthu anagwira zipewa. Linakaphulikira kuseri kwa golo ya uko. Ndinayesa ndi miyendo yanga, masitepe makumi asanu ndi anayi kudza anayi. Mwana wanga, chimwalirire mayi ako sindinasekepo chomwecho.

Anthu atatha phokoso ndinaima pangolo n'kuwawerengera kalata yako yonse, ya mu Okutobala ija, pamodzi ndi nkhani ya akazi a mzinda wozingidwa. Nditafika poti mwana anafunsa mayina a akazi a kwawo, azakhali ako anavula duku pomwepo n'kufunsa amene ali ndi lezala. Akuti, "Achimwene, mwanayo andidziwe ndisanafe." Pofika madzulo ndinali ndi timapepala tisanu ndi tinayi.

Kapepala ka Gwendoline palibe. Anaima patali pansi pa mtengo, manja atapinda pachifuwa. Dzungu analiona, kalata anaimva, koma anachoka lezala isanamufike. Atsikana ake awiri apereka, iye sanawaletse ndipo sanawalole. Za Ogasiti sanasinthe mawu. Ndinene zoona, pamenepa ndalephera.

Bulu wanga ndamuchotsa mitsempha, chingwe chonse ndi timapepala tija ndapereka kwa mayi Janet. Tasha, tsitsi la amayi akowa n'lalifupi, silingapotedwe palokha. Umasule chingwe pang'ono, ulowetse katsitsiko pakati, uchitsekenso. Tsiku la mpikisano bulu umufunditse, asanyowe. Ukamaliza kuponya uzimumasula pang'ono, chifukwa chingwe chogona chomangika chimatopa ngati munthu.

Ine wanu,
Medson Ngozo

Hyattsville
2 Malichi 1997

Amayi aakulu,

Muli bwanji? Ine ndine Tasha. Iyi ni kalata yanga yoyamba mu Chichewa. Amayi sanandithandize. Anti Mwangala ndiye anithandiza, ndiye ngati yalakwa, olakwa ni beve Anti.

Chingwe chafika. Nawerenga mayina naini. Lanu kulibe. Ninafunsa amayi, ndipo aniuza zonse. Amayi analira. Ine ndiye ninapempha tsitsi, osati amayi. Sininadziwe kuti ni choipa. Pepani.

Ngati mukuopa, musatumize. Nasiya malo amodzi pa chingwe, koma bulu azaponya chabe. Nifuna kudziwa chinthu chimodzi. Agogo aakazi anali na tsitsi lotani? Ninawaona nili na zaka zinayi ndipo sinikumbuka. Amayi akayamba kuniuza samaliza.

Mwana wanu,
Tasha

Hyattsville
23 Malichi 1997

Okondedwa Ababa,

Moni, moni kwa onse. Mawu andithera ndi kukuwa kwa dzulo, mwayi kuti cholembera chilibe pakhosi.

Ndiyambire pa chingwe. Mayi Janet atatsegula chikwama, nyumba yonse inadzaza fungo la nsatsi, ndipo m'maganizo ndinangoona amayi atakhala pamkeka akudzola kumutu Lamulungu m'mawa. Tasha anatenga timapepala tija n'kumawerenga mayina mokweza, ine ndikumukonza katchulidwe. Atasowa la achemwali ndinamuuza zoona. Patapita masiku awiri ndinamva kwa Mwangala kuti walemba kalata yake ku Lizulu. Zimene walembamo sindikuzidziwa.

Kukoka ulusi umodzi umodzi kunatitengera masiku awiri a Loweruka, ine ndi Mwangala kukoka, Tasha kukhomera timitengo. M'manja mwanga muli matuza, moti nkhalamba ina kuntchito yandifunsa ngati ndayamba kulima.

Mpikisano unali pa bwalo lina ku Falls Church, magulu khumi ndi limodzi. Ababa, mukanaona. Ana ena anabwera ndi abambo awo ogwira ntchito za uinjiniya, makina opaka vanishi, ena mpaka atavala zisoti za asilikali a Chiroma. Bulu wathu anafika pa galimoto ya mwamuna wa Mwangala atafunda chitenje changa cha Mvano, poti kunali kamvula kowaza. Onse ankaponya mpira wolemera mofanana, katatu aliyense.

Koyamba mpira wathu unakwera chopendekeka n'kukagwera kumbali, pafupi ndi tebulo la oweruza. Anthu anaseka, ine ndinafuna kulowa pansi. Tasha sanayang'ane munthu. Anagwada paudzu wonyowa, n'kuika khutu pachingwe, kukhwasula kumanja, kukhwasula kumanzere. Mnyamata wina anamufunsa ngati akuimba nyimbo. Iye anangoti kumanzere kwatsika, n'kupota chitsulo cha mbali imeneyo pang'ono chabe, monga munanenera.

Kachiwiri bulu anadumpha mpaka chimango chinasiya pansi. Mpira unapita, unapitabe, unadutsa timbendera ta magulu onse kupatula kamodzi. Mwangala anataya ambulera, akukuwa kuti, "Wamenya, mwana wa pa Malawi wamenya!" Ine sindikudziwa kuti ndinaimba nthungululu nthawi yanji, ndinangoona azungu onse atatembenuka.

Kachitatu mkono unathyoka pogunda mtanda. Chingwe chanu chinaposa thabwa lathu. Choncho tinakhala achiwiri, kusiyana ndi oyamba mayadi anayi okha, ndipo Tasha akuti chaka chamawa mkono udzakhala wa mtengo wosankha inu.

Pomaliza aphunzitsi anagwira chingwe, kuchinunkhiza, n'kufunsa kuti n'chachiyani, poti ena onse anali ndi cha kusitolo. Anamupatsa Tasha chimkuzamawu. Anafotokoza za michira makumi atatu ndi umodzi ndi za ntchafu yanu, anthu n'kuseka. Kenako anatulutsa timapepala tija m'thumba la jekete n'kuwerenga mayina onse asanu ndi anayi, osaphonya ndi limodzi lomwe. Atamaliza anati pali dzina lina limene malo ake alipo.

Tchuthi cha mu Ogasiti ndapempha kale kuntchito ndipo andipatsa. Tikiti sindinagule. Sindibwera mokakamiza pakhomo pamene mkulu wanga wanditsekera, koma ndikudikira.

Mwana wanu,
Ellah

Lizulu
20 Epulo 1997

Ellah,

Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino, kupatula kuti ababa asanduka chosokoneza mudzi. Apota chingwe china, ndipo Loweruka lililonse maungu a anthu akuuluka. Akudya ngati mnyamata. Nkhani ya mpikisano atiwerengera mpaka ana ailoweza.

Kalata ya mwana wako inafika. Chichewa chake n'cha ku Lusaka, ndipo mnzako wa ku Zambiayo umuuze kuti ndili naye mawu. Koma wanditcha amayi aakulu, ndipo wandifunsa funso limene palibe anandifunsapo chiikire maliro.

Umuwerengere izi pang'onopang'ono. Agogo ake anali ndi tsitsi lolimba, lothyola zipeso. Imvi zinayambira kumanzere, pamwamba pa khutu, ali ndi zaka makumi atatu zokha. Ankaluka mizere isanu ndi umodzi yopita kumbuyo, osapitirira, ndipo ankati mkazi woluka yambiri alibe munda. Miyezi yomaliza ndinkawaluka ndine, ndipo tsiku lomaliza ndinawapesa ndine, ndekha, iwe kulibe. Ndikuona kuti chimene chinandikwiyitsa chinayambira pamenepo, kalata yako ya buluu inangopeza moto uli kale. Dzungu la ababa ndinaliona bwinobwino tsiku lija ndipo ndinadziwa kuti ndakunamizira chinthu choopsa. Kungoti kuvula duku pamaso pa amayi amene ndinayambana nawo kuchigayo kunandikanika.

Pa pepala sindipepesa. Zimenezo n'zonena munthu ukumuyang'ana m'maso.

M'kalata muno muli kapepala kokulunga, dzina ndalemba ndekha. Ndikudziwa kuti mpikisano unatha ndipo lafika mochedwa. Tasha alilowetse pa malo amene anasiyawo, aone imvi za kumanzere, poti ndinatengera agogo ake.

Koma umve bwino. Ine ndine yemwe uja, tsitsi langa siligona kwa eni mpaka kalekale. Ndakubwereka chabe. Chiliza tivundukula pa 16 Ogasiti. Ubwere nalo, pamodzi ndi mwini chingweyo, udzandibwezere pamanja.

Mkulu wako,
Gwendoline